Batani Limene Sindinadine

Loweruka, 11 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana kathu. Kuno tonse tilipo. Amayi ali kushopu, makina a fotokope aja ayambanso kutafuna mapepala. Bambo ali pabalaza, akupukuta nsapato zawo zakuda kachitatu sabata ino. Ine ndili kuchipinda, chitseko ndatseka, ndipo buku la masamu ndalitsegula pambali kuti munthu akalowa aziona ngati ndikuwerenga.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho timayankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Koma mukudziwa mmene foni yanu imayankhidwira m'nyumba muno. Bambo amaiika patebulo, mawu onse poyera, amayi akufuula kuchokera kukhitchini, ine ndimangoti "ndili bwino" basi. Zimene ndikufuna kunenazi sizinganenedwe choncho. Ndikamaliza ndijambula masambawa ndikutumizireni. Muwerenge muli nokha.

Achemwali, musapemphe tchuthi kuntchito pa 23. Musapite kubwalo la ndege kukachingamira bambo. Bambo alibe tikiti. Iwo sakudziwa, amayi sakudziwa. Wodziwa ndine ndekha, ndipo tsopano inu.

Ndiyambe bwinobwino. Mukulikumbukira khadi labuluu lija la kampani ya ndege, limene amayi ankalitcha mkazi mnzawo? Zaka khumi ndi zinayi zimene bambo ankayenda kukakonza makina ojambulira odwala m'zipatala zakunja, ulendo uliwonse unkalowetsa mapointi pakhadipo. Abambo a anzanga ankabwera ndi chokoleti. Athu ankati akaika chikwama pansi, asanavule ngakhale jekete, "Zikwi zitatu zina zalowa." Sanachotsepo ngakhale imodzi. Tsiku limene munkalandira digiri kunjako amayi anapempha kuti ayendere mapointiwo, bambo anati tidikire, achuluke kaye, tidzapite tonse. Pasipoti yanga tinaipangitsa nthawi imeneyo. Ili m'dirowa mpaka lero, masamba onse oyera.

Chiyambireni ng'ala m'maso mwawo n'kusiya ntchito, zonse za pakompyuta ndimawachitira ndine. Nambala yachinsinsi ya khadilo ndi tsiku lanu lobadwa, ngati simunkadziwa.

Pakati pa Epulo anandiitana. "Mlonda, bwera ndi kompyuta ija." Dzina munandipatsa lija chifukwa chokhalitsa pawindo silinachoke, tsopano ngakhale amayi aiwala lenileni. Ndinakhala pambali pawo ndipo anandifunsa kuti mapointi alipo angati. Ndinati 131,400.

"Ulendo wa kwa achemwali ako, kupita ndi kubwera?"

"80,000."

Kenaka anati, "Dula. Mdzukulu wanga wayamba kuimirira pogwira mipando, ine ndikumuona pa kagalasi ka foni ngati nsomba ya m'botolo. Dula tikiti."

Amayi anasuzumira pakhomo la khitchini, mpeni uli m'manja. "Ndamva bwino? Mkazi mnzanga lero akutuluka m'chikwama?" Tonse tinaseka. Amayi anati iwo sangatseke shopu milungu itatu, komanso bondo lawo silingapirire kukhala pampando usana ndi usiku. Apite bambo.

Ndinalowa patsamba la kampani. Popeza ndege zawo sizifika kumene muliko, mapointi ankadula tikiti pa ndege za kampani inzawo imene amagwira nayo ntchito. Ndinasankha tsiku, ndinasankha mpando wa m'mbali mwa kanjira monga mmene bambo amakondera, ndinalemba nambala ya pasipoti. Zonse zinaoneka pasikirini: dzina lawo, nthawi yonyamuka, nthawi yofika. Pansi panali batani lofiira lotsimikizira. Sindinalidine.

Ndikuuzeni chifukwa chake, ngakhale ndikuchita manyazi. Maimelo a kampaniyo ndakhala ndikuwawerenga zaka zitatu. Ndinazindikira kuti chaka chilichonse, sabata yoyamba ya Juni, amatsitsa mtengo: tikiti ya 80,000 imafika pa 60,000. Ndinawerengera mumtima, pomwepo bambo ali pambali panga. Mapointi akanakwana anthu awiri. Ndipo pa 23 sukulu idzakhala itatsekera.

Ndinadziuza kuti bambo sangayende okha ndi maso amenewo, adzasochera posintha ndege. Zimenezo ndi zoona, koma ndi theka chabe. Theka linalo ndi lakuti ubwana wanga wonse ndinkaona msana wa bambo ukulowa mutakisi. Mapointi amenewo ndinkawaona ngati masiku onse amene sanali pano: tsiku limene ndinathyoka mkono, masiku otsekera sukulu, Khirisimasi ziwiri. Ndinkafuna ulendo umodzi wokha ndilowe nawo mutakisimo. Kuwauza sindikanatha. Mukundidziwa, pakamwa panga pamalemera.

Ndiye ndinasindikiza tsamba lomwe lija, la batani losadina. Ndinalisindikizira kushopu kwa amayi, n'kudula ndi sizasi m'munsi mmene munali batani. Bambo analipinda kawiri, analiika m'pasipoti, anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Nyumba ino ili ndi injiniya wachiwiri." Ndinkaganiza kuti pa 1 Juni ndidula matikiti awiri, ndiwaonetse, aseke, nkhani ithe.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zizindikiro ndinkaziona. Mu Meyi maimelo anachuluka: gulani mapointi theka la mtengo, kwerani lero mulandire mapointi owirikiza katatu. Ine ndinkati kampaniyi yayamba kukoma mtima. Ndege ya madzulo ija imene imadutsa pamwamba pa thanki ya madzi inasiya kudutsa Lachiwiri ndi Lachinayi. Ndinaona, ndinalemba ngakhale kumbuyo kwa kope. Koma sindinafunse kuti munthu amene akugulitsa katundu wake motchipa chonchi akuthamangira kuti.

Lolemba pa 30 Meyi, kutatsala masiku awiri, ndinabwera kusukulu n'kupeza bambo atakweza wailesi. Kampani yagwa. Ndege zonse zaimitsidwa, khoti laika anthu oti ayang'anire katundu wake. Ndinathamangira kuchipinda ndi yunifomu yomwe. Tsamba linatseguka, koma pamene pamakhala nambala ya mapointi panali mzere wotuwa ndi mawu akuti ntchitoyi yaimitsidwa kaye. Ndinadina, ndinadina, ndinazimitsa kompyuta, ndinayatsanso. Chimodzimodzi.

Patapita masiku awiri wailesi inalengeza kuti kampani inzawo ija inyamula onse amene matikiti awo anatuluka kale. Mukanawaona bambo! Anaimirira pakati pa balaza, manja m'mwamba ngati timu yawo yagoletsa. Anapita kwa a neba kukawauza, anauza wometa tsitsi, anauza ngakhale mnyamata wowerenga mita ya madzi. "Mwana wanga anadula mu Epulo. Ena akulira uko, ine ndikupita." Otsala 51,400 aja anangoti apite, ndi chakhumi. Madzulo ake amayi anandiikira nyama yaikulu kuposa ya bambo. Ndinaidya, achemwali. Sindikudziwa kuti inatsika bwanji.

Lachinayi lapitali ndinathawa maphunziro a masana n'kupita ku ofesi ya kampaniyo m'tauni. Chikwangwani chikadalipo, koma kandege kapulasitiki kamene kankakhala pawindo anakachotsa, patsala fumbi lojambula mapiko ake. Mzere unafika pamasitepe. Kutsogolo kwanga kunali bambo wina wamimba, wogulitsa nsalu, akudzipepesera mphepo ndi khadi lagolide.

"Iwe wa sukulu, nawenso uli ndi mapointi? Unawapeza pokwera chiyani, njinga?"

Ndinati ndi a bambo anga.

"Angati?"

Nditamuuza anaseka mpaka kutsokomola. "Ine 900,000, mwana iwe. Ndinkalowa m'chipinda cha mabwana, kumwa khofi waulere. Lero khadi ili ndikupalira nalo matope kunsapato."

Atafika pakauntala anamenya tebulo, anatchula maloya ake, anati aitanitse bwana. Mayi wa pakauntala anamusiya amalize, kenaka anamupatsa fomu yolembetsera mapointi ake kwa anthu a khoti aja. Aliyense ankatuluka ndi fomu yomweyo.

Mayiyo ndi wachikulire, wa imvi za m'mbali, kansalu ka kampani kali m'khosi bwinobwino ngati palibe chachitika. Nditamupatsa khadi anawerenga dzina n'kundiyang'ana.

"Ndiwe mwana wa a injiniya a makina a m'chipatala? Aja ankakana kupereka chikwama cha zipangizo kuti chipite kunsi kwa ndege? Ali bwanji?"

Ndinati ali bwino, koma maso. Kenaka ndinamuuza zonse. Ndi munthu woyamba amene ndinamuuza, mwina chifukwa sankandidziwa. Ndinatulutsa kope la pepala lija. Analiyang'ana pang'ono chabe n'kuloza pakona yakumanja.

"Apa pamayenera kukhala nambala ya tikiti. Palibe nambala, palibe mpando."

Ndinamupempha kuti alowe mukompyuta yake adine batanilo, alembe tsiku la mu Epulo. Ndinalonjeza kuti sindiuza munthu. Anatembenuza sikirini kuti ndione. Mzere wotuwa womwe uja.

"Mwana wanga, mvetsera, ukawafotokozere bambo ako bwino. Mapointi si ndalama imene munasungitsa. Ndi lonjezo la kampani, ndipo mwini lonjezo wagwa. Anthu a khoti aja agulitsa zimene zatsala, ayambe kulipira amene ali patsogolo: mabanki, eni ndege zimene tinkabwereka, aboma, ife antchito. A mapointi muli kumapeto kwenikweni, kumene nthawi zambiri mphika umafika utapalidwa kale. Nthawi zina kampani ina imagula dongosolo lonse la mapointi kuti itenge makasitomala, ndiye mapointi amadzuka, kaya onse kaya theka. Nthawi zina sadzuka."

Ndinafunsa kuti zidziwika liti.

"Miyezi. Mwina chaka. Pa 23 ayi."

Anandipatsa fomu. Ndikutembenuka anati, "Inenso ndili nawo anga, a zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinkati ndidzayendere ndikapuma ntchito. Ndapuma tsopano." Anaseka, koma wotsatira anali atayamba kale kumenya tebulo.

Fomuyo ili m'buku la masamu limene lili pambali pangali. Ikufuna siginecha ya mwini khadi.

Kuyambira tsiku limenelo sindikhazikika. M'kalasi aphunzitsi akandifunsa ndimapeza kuti sindinamve funso. Ndikafika panyumba sutikesi ili pakhomo la chipinda chawo, yotseguka, tsiku lililonse ikudzaza. Dzulo bambo ananditenga kumsika kukagula nsapato za mwana. Anayesa ndi zala zawo kutalika kumene munawauza pafoni, anakangana ndi wogulitsa za mtundu, anasankha zofiira za timabatani. Pobwerera anazinyamula okha, anakana kuti ndiwalandire.

Ndaganiza zambiri. Ndinafufuza mtengo wa tikiti ya ndalama: ndi shopu ya amayi miyezi isanu osadya. Ndinaganiza zonena kuti kampani inzawo ija yasintha maganizo, bodza limenelo likhoza kuyenda, palibe angafufuze. Ndinaganizanso zongokhala chete mpaka pa 23, koma ndikaona m'maganizo bambo ataima pakauntala ndi nsapato zopukuta, mtsikana wa yunifomu akuwauza zimene mayi uja anandiuza, anthu akuwayang'ana, ganizo limenelo ndimalitaya.

Sindikupempha ndalama, chonde musawauze alamu kuti ayambe kufunafuna. Ndikupempha kuti mundiuze poyambira. Inu mumatha kuyankhula nawo. Ndiyambe ndi amayi? Ndidikire Lamlungu muli pafoni kuti mundithandize? Kapena

Bambo akundiitana. Akuti wailesi yanena kuti onse a matikiti aimbe foni kukatsimikiza, ndipite ndikawawerengere nambala ya tikiti.

Lamlungu, 12 Juni, masana

Achemwali, masamba apamwambawa sindinawajambule. Sindinawang'ambenso. Muwerenge mmene alili.

Nditafika pabalaza dzulo ndinapeza atatambasula pepala lija patebulo, akulisita ndi chikhatho. Foni ili pambali. Anati, "Werenga pang'onopang'ono, ndilembe zikuluzikulu."

Ndinati palibe nambala.

"Yang'ana pakona yakumanja, pamwamba."

"Palibe, bambo."

Analitenga, analiyandikiza kudiso lawo labwinoko mpaka linakhudza mphuno. Analitembenuza. Kenaka chala chawo chinayenda m'munsi, mmene ndinadula ndi sizasi. Ndinali nditadula mokhota.

"Ndayenda zaka khumi ndi zinayi, sindinaonepo tikiti yopanda nambala. Khala pansi. Ichi n'chiyani?"

Ndinawauza. Sindinayambe ndi maso awo kapena kusochera, ndinayamba ndi batani. Ndinanena za 60,000, za anthu awiri, za ofesi ndi mayi uja. Za takisi sindinanene, mawu anakana. Sanandidule. Nditamaliza anavula magalasi n'kuwaika pa pepalapo. Amayi atalowa ndi matumba awo, ndinawauzanso zonse.

Amayi ndiye sanakhale chete. "Pa makina anga! Ndi inki yanga! Bodza ulisindikize mwaulere, ndikupatsenso nyama yaikulu! Bambo ako auza msewu wonse, mpaka wa mita ya madzi, mawa ayenda bwanji?" Anandikalipira mpaka mawu anasasa, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona. Kenaka anatembenukira kwa bambo. "Nanga inu mwangoti duu? Mwana wanu uyu."

Bambo anati, "Wangadi. Iye wadikira masabata asanu ndi limodzi. Ine ndinadikira zaka khumi ndi zinayi. Uyambe ndi ndani?"

Amayi analowa kukhitchini. Tinamva mapoto akulira kuposa masiku onse.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Bambo anandiyang'ana, maso opanda magalasi aja, n'kunena kuti, "Kudikirako ndakumva, ndi matenda a m'nyumba muno. Koma unandisiya ndikuvina pamaso pa anthu masiku khumi, iwe ukuonera pawindo. Chimenecho chindipweteka nthawi yaitali, usandifulumizitse." Chakudya chamadzulo sanadye. Nsapato zakuda anazibweza m'bokosi.

Lero m'mawa anandiitana kuchipinda kwawo. Sutikesi inali pabedi, akutulutsa malaya awo kubweza m'kabati. Anandiuza ndibweretse fomu ija. Ndinawagwira dzanja n'kuliika pa mzere, anasaina. Anati mawa ndikaipereke ndikaweruka, osati nthawi ya maphunziro, ndipo ndikamupatse moni mayi wa pakauntala. Atandibwezera cholembera anafunsa osandiyang'ana:

"Iweyo ukanakhala mpando uti?"

Ndinati wa pawindo.

"Hm. Ukanangonena mu Epulo, tikanakangana, ndikanakana, amayi ako akanandikakamiza. Pakamwa unapatsidwiranji?"

Anandipatsa majuzi awo kuti ndipinde.

Zotsalazo munazimva nokha pafoni ola lapitalo. Munamva akukuuzani kuti kampani yagwa ndi mapointi onse, ulendo walephereka, n'kukana kuti alamu awagulire tikiti. Munalira, iwo anakuuzani kuti maso akachitidwa opaleshoni adzaona chochita. Dzina langa sanalitchule. Mutandifunsa ndinati "ndili bwino" monga mwa masiku onse. Ndiye chifukwa chake kalatayi ndikuitumizabe. Sindikufuna muzitukwana kampani yokha. Kampani inagwa, inde, koma tikiti ya bambo ikanapulumuka. Amene sanadine batani ndine. Mukafuna kundikalipira imbani pakati pa sabata madzulo, ndidzatuluka nayo panja foniyo.

Bambo akuti mphatso zonse zipite pa positi mawa, ndipo andipatsa ine ntchito yomanga phukusi. Kalatayi ndiilowetsa m'bokosi la nsapato za mwana, pansi pa pepala lofewa, kuti muipeze inu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti buku la nyenyezi lija ndinalimaliza. Amayi akupereka moni, akuti mafuta a bondo aja anathandiza. Bambo ali pakhonde, wailesi azimitsa. Ndege ya madzulo sidutsanso, koma nthawi yake ikakwana ndaona kuti nawonso amakweza mutu.

Kamwanako mukapsompsone m'malo mwa amalume ake amene sikanawaonepo. Nsapatozo ndi zofiira, bambo anasankha okha, anayesa ndi zala. Phukusi akuti limatenga milungu itatu, ndipo mapazi a ana sadikira. Zikafika mumuveke tsiku lomwelo, ngakhale kulibe kopita, ngakhale azingoyenda nazo m'khitchini. Mujambule, mutumize, ndidzawakulitsira bambo pa kompyuta kuti aone. Chonde, achemwali, musazisunge.

Ndine mlongo wanu,

Mlonda